Mayi, fayilo yanu inanyamula dzina la fonti lokha

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti analemba lipoti pa Ubuntu, mtundu wina wa Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ngati Windows), n'kusankha fonti (kaonekedwe ka zilembo) yotchedwanso Ubuntu poti inawasangalatsa. Mnzawo atalitsegula pa Fedora, mtundu winanso wa Linux, mitu ina inali itatsetserekera patsamba lotsatira. Funso lawo n'lakuti: bwanji a Linux sangogwirizana kuti makompyuta onse azibwera ndi mafonti ofanana?

Mayi, Linux ilibe mfumu imodzi yoti n'kulamula zimenezo. Aliyense ali ndi mudzi wake. Ubuntu ili ndi fonti yakeyake kuyambira 2010. Fedora inakhala nthawi yaitali ndi fonti ya DejaVu, ndipo mu 2022 inasamukira ku Noto ya Google. Nanga Arial ndi Times New Roman amene tinawazolowerawa? Microsoft inkawapereka ulere pa intaneti kuyambira 1996, n'kusiya mu 2002, ndipo layisensi yake siilola kuti a Linux angowatenga n'kuwasandutsa awo.

Koma chimene chinakuvutani kwenikweni n'chakuti fayilo imangonyamula dzina la fonti, osati fontiyo. Ikafika pakompyuta ina, kapulogalamu kotchedwa fontconfig kamafufuza dzinalo. Kakalisowa sikadandaula ayi, kamangotola fonti ina mwakachetechete. Tsono zilembo sizifanana m'lifupi. DejaVu Sans, mwachitsanzo, ndi yonenepa ndithu, mzere umodzi umatha kusefukira mu wachiwiri. Mukalemba fc-match Arial mu terminal (kawindo kolembamo malamulo a kompyuta), muona fonti imene kompyuta yanu imaika m'malo mwa Arial.

Chimene ine ndimachiona ngati mgwirizano weniweni ndi fonti ya Liberation, imene kampani ya Red Hat inatulutsa mu 2007. Chilembo chilichonse cha Liberation Sans n'chofanana m'lifupi ndi cha Arial, cha Liberation Serif ndi cha Times New Roman. Maonekedwe amasiyanako pang'ono, koma mizere siisuntha. Carlito imachita zomwezo m'malo mwa Calibri, Caladea m'malo mwa Cambria. Si zokongola kwambiri, ndikuvomera, koma sizichititsa manyazi.

Ifenso olemba Chichewa tili ndi kathu: ŵ. Mafonti ena okongoletsera alibe chilembochi, ndiye mumapeza mawu oti Malaŵi ali ndi chilembo chimodzi chooneka chachilendo pakati. DejaVu, Noto ndi Liberation onse ali nacho.

Ndiye lipotilo lisintheni likhale mu Liberation. Ngati fonti ya Ubuntu simukufuna kuisiya, mu pulogalamu yolembera ya LibreOffice pitani pa File, Properties, Font, muchonge kuti fontiyo ilowe m'fayilo momwemo. Ngati mnzanuyo akungofuna kuwerenga, mutumizireni PDF basi.