Funsani Azakhali: A zaumoyo anatikaniza kuona nkhope ya malume, koma ena anawalola

Azakhali,

Ine ndili ndi nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira nthawi ya kolera ija. Malume anga anamwalira mu January 2023, anangoyamba kutsegula m'mimba usiku, pofika madzulo a tsiku linalo anali atatisiya. A zaumoyo anabwera ndi mtembo uli kale m'pulasitiki atauwaza mankhwala, kusambitsa anakana, kuona nkhope anakana, kuphika nsima anakananso, tinaika tsiku lomwelo ngati tikukataya chinthu. Tinavomera poti amati ndi lamulo. Koma patangotha masabata atatu kumudzi woyandikana nafe kunagwa maliro ena, kolera yomweyo, ndipo mlangizi wa zaumoyo yemweyo analola abale kuona nkhope, anthu anagona pasiwa mpaka tiyi anamwa. Banja la malemuyo ndi lopezako bwino. Nde lamulo lija linali la ife osauka basi? Pano mlangizi yemweyu akuti ndilowe mu komiti ya mjigo, ine mtima ukukana. Nditani?

Wodandaula wa kunyanja

Pepani kwambiri mwana wanga. Kuika malume osawaona nkhope ndi chinthu chopweteka, ndipo sindikuuzani kuti ingoiwalani ayi.

Koma tiyeni tibwerere kaye ku January ameneyo. Kolera ija inayambira ku Machinga mu March 2022, madzi osefukira a anamondwe Ana ndi Gombe atangogumula zimbudzi ndi kuononga zitsime, ndipo mmalo moti ithe ndi chilimwe ngati mmene imachitira zaka zina, inapitirira mpaka mvula ina inaipeza. Pomwe imadzatha inali itagwira anthu oposa 59,000 ndi kupha oposa 1,700, sitinaonepo yotere m'dziko muno. January 2023 ndi pomwe zinafika povuta zedi, odwala atsopano mazanamazana patsiku, masukulu a mu Lilongwe ndi Blantyre anachedwa kutsegulira, nduna ya zaumoyo ya nthawi imeneyo a Khumbize Kandodo Chiponda mpaka anachita kupempha poyera kuti akufuna kwabwino athandize ndi zipangizo. Malume anu anamwalira mkati mwenimweni mwa zimenezi.

Nde taganizani za mlangiziyo. Alangizi a zaumoyo amenewa, omwe amatchedwa ma HSA, ntchito yawo inachokera kutali, zaka za m'ma 1970 ankatchedwa kuti othandiza pa kolera, ndipo papepala mmodzi amayenera kuyang'anira anthu 1,000 koma ambiri amasenza oposa pamenepo, panjinga yakapalasa. Malangizo amachokera ku unduna ku Capital Hill, amadutsa kwa DHO, mkulu wa zaumoyo paboma, amafika kwa iye ali mizere ingapo: mtembo uwazidwe klorini, usagwidwe ndi manja, uikidwe msanga, pamaliro pasaphikidwe. Mizere imeneyi siinena chochita ngati klorini watsala wa ndowa imodzi ndipo maliro alipo atatu, siinena chochita ngati mwana wa malemu ali m'basi kuchokera ku Joni, kapena ngati anyamata a m'mudzi atola miyala. Pamenepo amaganiza yekha, ali chiimire pabwalo la maliro, anthu onse akumuyang'ana, neti ya foni kulibe. Zomwe wasankha pamenepo ndi zomwe inu ndi ine timazitcha lamulo la boma, chifukwa nduna sitikumana nayo ife, timakumana ndi iyeyo.

Ndipo si iye yekha. Nesi wa mutenti ya kolera amatsina khungu la wodwala, kuyang'ana maso ngati alowa mkati, nkusankha kuti uyu dripu, uyu amwe Thanzi ORS pabenchi, ndipo madripu akachepa kusankhako kumakhala kowawa, wina amaona ngati m'bale wake wanyozedwa. Nthawi ya korona zinalinso chimodzimodzi, mu August 2020 anati wosavala masiki alipire K10,000, koma wapolisi wina amakuuza kuti kagule pagolosale apo uvale uzipita, wina amakukweza galimoto, winanso mukudziwa kale zomwe amafuna. Lamulo limodzi, anthu atatu.

Tsono bwanji maliro awiriwa anasiyana? Pali chinthu chimodzi chomwe ambiri anaiwala. Chakumayambiriro kwa 2023 anthu anakwiya ndi kaikidwe ka maliro kameneka, mphekesera zinadzaza pa WhatsApp zoti a zaumoyo ndi amene akufalitsa matenda, zoti m'mapulasitiki muja akuchotsa ziwalo, ndipo ku Balaka ndi ku Lilongwe anthu anafika pophwanya zipatala. Choopsa kwambiri chinali choti mabanja anayamba kubisa odwala m'nyumba poopa tenti, ndipo kolera ukaibisa imapha m'maola ochepa chabe. Alangizi ambiri anaona okha kuti kuuma mtima kukuthamangitsa anthu, nkuyamba kufewetsa: abale awiri atatu aone nkhope ataima patali osagwira, tiyi wowira bwino amwe koma thobwa ndi nsima yodyera mbale imodzi ayi, ndowa ya klorini pakhomo aliyense asambe m'manja. Kuona nkhope pakokha sikupatsira kolera, chomwe chimapatsira ndi kugwira thupi ndi zovala za malemu kenako manja omwewo nkukaphika kapena kukatunga madzi. Nde nkutheka kuti pa masabata atatu amenewo mlangizi wanu anaphunzirapo kanthu, mwina anaphunzirira pa misozi ya banja lanu lomwe. Zowawa kumva, ndikudziwa.

Koma ndisakunamizeni, nkuthekanso kuti kunali kukondera kwenikweni. Mpata womwewo woti munthu aganize yekha ndi umene ena amalowetsapo chibale, mantha ndi anthu a ndalama, kapena kanvulopu. Ndipo kawirikawiri wosauka ndi amene amalandira lamulo lonse lathunthu chifukwa satsutsa, amangoti chabwino bwana, pomwe wopezako amafunsa mafunso, amaimba foni kwa wachibale wa kuboma, mpaka wina afewe. Ine zimenezi zimandinyansa kuposa ziphuphu zomwe, chifukwa wochitayo sadziwa nkomwe kuti akukondera.

Ena akamva izi amati basi alandeni mpatawo, azingotsata pepala. Ine ayi. Mukukumbuka lokidauni ya masiku 21 ija imayenera kuyamba pa 18 April 2020? Papepala inali bwinobwino, koma mavenda anatuluka m'misewu kufunsa kuti tidya chani, ndipo khoti lalikulu linaiimitsa kutatsala tsiku limodzi a bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC atakadandaula. Pepala lolembedwa muofesi silidziwa mudzi wanu. Chomwe ine ndimafuna kwa wogwira ntchito ya boma ndi choti chifukwa chomwe wasankhira chinthu athe kuchinena mokweza pamaso pa mabanja onse awiri. Akati "kwanu klorini analibe, kuno analipo" kapena "titaona zomwe zinachitika kwanu tinasintha", chimenecho ndi chifukwa. Akayamba kuzungulira, kuyang'ana pansi, mwadziwa.

Nde mufunseni. Osati pamsonkhano pagulu ayi, angodziteteza. Mupite kwa iye ndi munthu wamkulu mmodzi wa kubanja kapena a nyakwawa, mukhale pansi, munene kuti tabwera kudzamva kuti maliro a malume anasiyana bwanji ndi aja. Mukapanda kukhutira, pachipatala chanu pali komiti yoyang'anira chipatala yomwe muli anthu a m'midzi momwemo, ndipo m'zipatala za boma muli ombudsman wolandira madandaulo, dandaulo lanu ndi lomveka ngakhale papita nthawi.

Za komiti ya mjigo, ine ndikanakhala inu ndikanalowa. Mjigowo si wa mlangizi, ndi womwe mumamwa inu ndi ana a malume anu, ndipo a komiti ndi amene amadziwa kuti klorini wabwera wochuluka bwanji ndipo wagawidwa kwa ndani. Mvula ikubwerayi wina adzayenera kufunsa kuti bwanji nyumba za kumunsi kwa dambo sizinalandire, ndipo inu mwaonetsa kale kuti kufunsa mumatha. Mukakamuona mlangiziyo mudzandilemberenso, ndikufuna ndimve kuti anayankha chani.

Azakhali