Ukalowa upolisi wachisilikali, ukaima pati?

Mnyamata wa zaka 18 wandilembera kuti: "Ndamaliza sekondale ndipo masamu ndi sayansi ndakhoza bwino. Bambo akuti ndisataye nthawi ndi koleji, ndikalembetse ku gulu la apolisi achisilikali chifukwa malipiro amayamba msanga, ndipo pakangopita zaka zochepa ndidzakhala bwana. Ine mtima wanga uli pa kufufuza milandu pogwiritsa ntchito sayansi. Ndikalowa panopa, ndidzafikako?"

Makalata otere amabwera pafupipafupi, ndipo nthenda yake ndi imodzi. Kholo ndi mwana maso ali pa yunifolomu, koma palibe amene wafunsa kuti m'kati mwa gululo anthu amasanjidwa bwanji.

Magulu amenewa amagwira ntchito yaupolisi koma mwambo wawo ndi wachisilikali. Taona Gendarmerie ya ku France, yomwe inalandira dzinali mu 1791. Kuyambira 2009 ili pansi pa unduna wa zam'dziko, komabe anthu ake, omwe ndi pafupifupi 100,000, akadali asilikali. Sanyanyala ntchito, amakhala m'nyumba za kukampu, ndipo kalata yosamutsa ikabwera umangomanga katundu. Gululi lili ndi nthambi ziwiri zazikulu. Ina ili ndi timasiteshoni m'midzi ndi m'matauni ang'onoang'ono, komwe amalandira madandaulo, kulemba za ngozi zapamsewu ndi kutsata akuba. Inayo ndi yoyendayenda, ya zishango ndi zipewa zolimba, yomwe imatumizidwa kulikonse kumene kwabuka zipolowe, nthawi zina miyezi ingapo osaona banja. GIGN, kagulu kopulumutsa anthu ogwidwa ndi zigawenga kamene achinyamata amakasirira pa intaneti, kanayamba mu 1974 ndipo ndi kochepetsetsa poyerekeza ndi gulu lonse.

Gulu lotere lili ngati chulu, pansi potambalala, pamwamba posongoka. Ambiri amene amalowa amathera moyo wawo wonse wantchito m'munsimo, ndipo si chamanyazi, ndiwo amene anyamula gulu lonse. Koma zoti udzakhala bwana m'zaka zochepa, iwalako.

Chimene bambo akowo sanakuuze n'chakuti makomo olowera ndi oposa limodzi. Ku India, gulu la CRPF, lomwe linayamba mu 1939 ndipo lili ndi anthu pafupifupi 300,000 ogawidwa m'mabataliyoni, limalemba makonsitebulo amene anakhoza mayeso a kalasi 10. Koma wofuna kuyambira pa udindo wa Assistant Commandant, wotsogolera kampani yonse ya asilikali, ayenera kukhala ndi digiri ndi kupambana mayeso a UPSC, bungwe limene limasankha anthu a maudindo akuluakulu m'boma. Anyamata awiri amsinkhu umodzi, wina walowera khomo ili, wina ilo, ndipo tsiku loyamba lomwelo wina akuchitira mnzake sawasha. Wolowera m'munsi angathe kukwera ndithu, mayeso am'kati alipo, koma ulendowo umadya zaka zambiri ndipo opikisana nawo ndi khwimbi.

Tsono nkhani ya sayansi imene waikonda, pamenepa mvetsera bwino. Carabinieri a ku Italy, omwe anakhazikitsidwa mu 1814, ali ndi masiteshoni oposa 4,000, koma malabotale awo akuluakulu ofufuzira milandu, otchedwa RIS, ali m'mizinda yowerengeka ngati Parma, Rome, Messina ndi Cagliari. Mmenemo munthu amatha tsiku lonse ataweramira makina oonera tinthu ting'onoting'ono, akuyerekeza timizere ta pa chipolopolo chimene achotsa m'thupi ndi ta china chimene awombera dala poyesa mfuti ya woganiziridwa. Wina akupala kadontho ka magazi kouma pa kolala ya malaya kuti apeze DNA. Ntchito imeneyi imafuna kemisitiri, bayoloje ndi fizikisi, osati mphamvu zothamanga ndi chikwama kumsana. Carabinieri alinso ndi nthambi yoyendera zakudya ndi mankhwala, komanso ina, ya mu 1969, yosaka zinthu zakale zamtengo wapatali zimene zabedwa. Malo ngochepa, ndipo amayamba kuyang'ana amene ali kale ndi luso.

N'chifukwa chake ndikuti pita kukoleji. Tenga sayansi kapena zamakompyuta, uzithamanga m'mawa uliwonse kuti thupi likhale lokonzeka, usapalamule mlandu uliwonse, kenaka ukagogode uli ndi pepala m'manja. Uyang'anenso msanga malire a zaka zolowera, kuti maphunziro asakupitirize msinkhu. Ndipo ngati mayina ndatchulawa akukupatsa maloto opita kunja, dziwa kuti Gendarmerie ndi Carabinieri amalemba nzika za dziko lawo zokha. Ndawatchula kuti uone kamangidwe kake, ukafanizire ndi gulu la kwanu.

Inu bambo, ndikudziwa kuti m'thumba mukuwawa ndipo malipiro a mwezi ndi mwezi amakopa. Koma zimandipsetsa mtima kuona mwana wokhoza masamu akukankhidwira khomo lapafupi chifukwa chongofuna kuti ayambe kutumiza ndalama kunyumba chaka chino. Amene adzagone m'tenti ndi kuima padzuwa ndi chishango ndi iyeyo, osati inu. Mukhale naye pansi muwerengere limodzi zaka za koleji ndi zaka zimene angadikire kukwezedwa.

Ngati fizi yakanikiratu, mwana wanga, lowa ndithu, ndi ntchito yolemekezeka ndipo mutu uli nawo. Koma usanasaine, ukafunse kwa olemba ntchitowo mafunso atatu: umatumikira zaka zingati usanaloledwe kulemba mayeso okwezedwa, amalola kuphunzira uli pantchito, ndipo nthambi yofufuza milandu imatenga anthu ake kuchokera kuti. Mayankhowo ukanditumizire, tidzaone chochita.