Luger ya 1917 yokhala ndi manambala osiyana: ndiikonze kapena ndiisiye?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo pamodzi ndi zithunzi. Ndaifupikitsa motere:

"Ndagula pisitolo ya Luger kwa munthu wosonkhanitsa zida zakale, ndipo chiphaso ndi mapepala ake zonse zili m'malo. Pamwamba pake, pomwe mpope umayambira, palembedwa 1917. Kutsogolo kwa felemu kuli nambala 3846 ndi kachilembo kakang'ono pansi pake. Koma pa toggle, chitsulo chopindika cha pamwamba chomwe chimatseka chipolopolo kumbuyo, palembedwa byf ndi 21, kachitsulo ka m'mbali kali ndi 46 wolembedwa mokanda, zogwirira ndi za pulasitiki yofiirira, magazini nayo ili ndi nambala yakeyake. Mfuti yonse ndi yakuda bii, pena ili ndi dzimbiri. Kodi imeneyi ndi mfuti yanji kwenikweni? Ndisake zitsulo za nambala 46 kuti zonse zigwirizane, kenako akaidetsenso ioneke yatsopano?"

Zikomo akulu chifukwa cha funsoli. Musaidetsenso, ndipo ndalama zosakira ma 46 zisungeni. Koma tiyambe ndi manambalawo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo.

Asilikali a pamtunda a Germany anayamba kugwiritsa ntchito pisitolo ya Georg Luger mu 1908, n'chifukwa chake imatchedwa P08. Zitsulo zake sizinkangochoka pa makina n'kulowa m'malo mwake. Mmisiri ankazipala ndi dzanja mpaka zitakhalana bwino, ndipo zikapita kokadetsedwa zinkayenera kubwereranso ku mfuti yomweyo. Ndiye nambala yonse ankaidinda pa felemu, pa mpope ndi pa receiver, chitsulo chomwe mpope umalowamo, chomwe pa yanu palembedwa 1917. Pa tizitsulo ting'onoting'ono monga chokhethemulira, side plate (kachitsulo ka m'mbali kaja), zigawo za toggle ndi kotsekera mfuti kuti isalire, ankadindapo manambala awiri omaliza okha. Kwa inu ndi 46.

Manambalawo ankafika 9999 basi, kenako n'kuyambiranso ndi chilembo a pansi pake, kenako b, mpaka m'tsogolo. Fakitale iliyonse inkawerenga payokha, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankayambiranso chaka chilichonse. Choncho 3846 payokha sinena kanthu. Luger imadziwika ndi zinthu zinayi pamodzi: fakitale, chaka, nambala ndi kachilembo kaja. Ganiziraninso izi: pa mfuti 100 zilizonse, imodzi inkathera ndi 46. Toggle ya 46 mukhoza kuipeza ndithu, koma idzakhala yopalidwa kuti ikwane pa mfuti ina, manambala ake odindidwa ndi chidindo china, yoperepeseka mosiyana ndi zinzake. Wodziwa mfuti zimenezi akangoika galasi lokuzira amaona msanga.

Mu 1917 mafakitale opangira asilikali a Germany mfuti za P08 anali awiri: kampani ya DWM ku Berlin ndi fakitale ya boma ku Erfurt. Zilembo za byf ndi chizindikiro chobisa dzina la kampani ya Mauser ya ku Oberndorf, chomwe chinadindidwa pa ma Luger a 1941 ndi 1942. Chisanabwere chimenechi, Mauser inkadinda S/42, kenako 42. Ndiye toggle yanu inapangidwa patatha zaka zoposa 20 receiver itapangidwa kale, pa nkhondo inanso.

Vuto ndi loti dzina la fakitale limakhala pa toggle pomwepo, ndipo yoyambirira inapita. Komabe pali poonera. Ku Erfurt oyendera ankadinda kachisoti kachifumu ndi chilembo pafupifupi pa kachitsulo kalikonse, ngakhale pa masikuluwu a zogwirira, pomwe DWM inkadinda malo ochepa, makamaka kumanja kwa receiver. Mukapeza kachisoti pamwamba pa zilembo RC, chimenecho chimapezeka kwambiri pa za ku Erfurt: chitsulo chinakanidwa poyamba, kenako komiti yoyendera inachivomera. Ma receiver ambiri a ku Erfurt a zaka zimenezi alinso ndi podula pang'ono kutsogolo pamwamba, pomwe ankasiyira malo chowonera cha Luger ya mpope wautali wa mamilimita 200. Felemu nayonso muiyang'ane payokha, musangoikhulupirira. Ngati kumbuyo kwake kuli kanundu, kapena kumanzere kwadindidwa P.08, ndiye kuti ndi ya Mauser, ndipo 1917 uja ndi wa receiver yokha. Pansi pa mpope muyenera kupeza nambala yonse, muyeso wa bowo wolembedwa ngati 8,82 kapena 8,83, ndi kamzere kamodzi kodutsa pa mpope ndi pa receiver. Kamzereko kakapanda kulunjikana, mpope unamasulidwapo kapena unasinthidwa.

Kuda kwa mfutiyi kukunena zambiri kuposa manambala. Luger ya 1917 inkadetsedwa pochititsa dala dzimbiri lopyapyala, kuiwiritsa m'madzi, kuipukuta ndi kubwereza kangapo. Inkatuluka yakuda mobiriwira kunja, m'kati muli moyera. Chokhethemulira, kotsekera ndi kabatani ka magazini ankaziwotcha mpaka zitasanduka zachikasu. Mauser inasiya njira imeneyi mu 1937 n'kuyamba kuviika mu mchere wotentha. Yanu ndi ya 1917 koma ndi yakuda paliponse, chokhethemulira chomwe, kusonyeza kuti inaviikidwa pambuyo pake. Nkhondo itatha mu 1945, asilikali a Soviet Union anatuta mfuti za Germany zankhaninkhani. Ankaziphwasula, kuziviika, kuzilumikizanso osasamala kuti chitsulo ichi chinali cha iti, n'kulemba nambala ndi cholembera chamagetsi, ndipo zambiri ankazidinda X. Apolisi a ku East Germany, a Volkspolizei, nawonso anagwiritsa ntchito ma Luger okonzedwanso, ndipo zogwirira za pulasitiki yofiirira zokhala ndi timizere tozungulira pakati, zomwe ndikuziona pa zithunzi zanu, ndi zawo. Mfuti zotere zinachuluka pa msika m'zaka za m'ma 1990 dziko la Germany litagwirizananso. 46 wokanda uja akugwirizana ndi mbiri imeneyi.

Chomwe sichikugwirizana nayo ndi 21 wa pa toggle. Amisiri a boma akaika chitsulo chachilendo, kawirikawiri ankafuta nambala yakale n'kulemba ya pa felemu. Toggle yosiyidwa ndi nambala yake ikundipatsa maganizo oti anaiika mwini wina pambuyo pake, mwina yakale itathyoka.

Ndiye mfuti yanu ndi ya gulu lomwe osonkhanitsa amati yowombera chabe. Mtengo wake ndi wotsika kuyerekeza ndi ya manambala ofanana, ndipo palibe chomwe mungachite kuti muukweze moona. Ine sindiona vuto pamenepo. Mwini wa Luger ya manambala ofanana amaopa kuiwombera, chifukwa kachitsulo kamodzi kodindidwa kakathyoka, mtengo umagwa tsiku lomwelo. Inu mantha amenewo mulibe. Komanso mfuti yomwe inadutsa m'manja mwa asilikali a Kaiser, mfumu ya Germany ya nthawi imeneyo, kenako m'manja mwa apolisi a East Germany, ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo yalembedwa m'zitsulo zosiyanazo. Masiku ano alipo anthu osonkhanitsa za Volkspolizei zokhazokha. Mukaipala n'kuidetsanso, iwonso sadzaifuna.

Kudetsanso kumawononga chifukwa asanadetse amayamba apala. Makina opalira amadya m'mphepete mwakuthwa, zidindo zimazimiririka, kachisoti kaja kamasanduka kadontho, mabowo a timisomali amaphwanyuka m'milomo. Chitsulo chikachoka sichibwerera. Za kudindanso manambala ndiye musaziyese n'komwe. Kudinda 46 pa toggle n'kudzagulitsa ngati yofanana ndi chinyengo, ndipo kukhudza nambala ya pa felemu ndi mlandu waukulu m'mayiko ambiri. Kusintha mpope kapena receiver nako kumafuna chilolezo m'mayiko ena, choncho funsani kaye ku ofesi yomwe inakupatsani chiphaso.

Chofunika kuchita choyamba ndi kuipititsa kwa mmisiri wa mfuti wodziwa ma Luger musanaikemo chipolopolo. Toggle imapindika ngati bondo mfuti ikalira, ndipo ikawongoka ndi yomwe imatseka chipolopolo kumbuyo. Ikakhala yachilendo, mpata wa pakati pa chitsulo chotseka chipolopolocho ndi mpope ukhoza kukula kapena kuchepa, ndipo zimenezi zimayezedwa ndi mageji, osati ndi maso. Side plate nayo si chivundikiro wamba. M'kati mwake muli kachitsulo kopindika komwe kamatenga mphamvu ya chala chanu kuchokera ku chokhethemulira kukamasula firing pin, kamsomali komenya chipolopolo. Ikakhala yosakwana bwino, mfuti imakana kulira, kapena imalira musanafune. Mmisiriyo aonenso ngati pali ming'alu pa toggle ndi kumbuyo kwa felemu, atsimikize kuti mpope ndi wa 9 mm, poti ma Luger ambiri ogulitsidwa kwa anthu wamba m'zaka za m'ma 1920 anali a 7.65 mm, ndipo asinthe masipuling'i otopa. Chilichonse chomwe wachotsa akubwezereni, muchisunge m'kathumba kolembedwa.

Dzimbiri mukhoza kuthana nalo nokha. Chotsani magazini, kokani toggle, onani ndi maso kuti mulibe chipolopolo. Masulani zogwirira ndi sikuludiraiva yokwana bwino, ndipo cha kumanzere muchinyamule mofatsa, chifukwa ngodya yake ya pafupi ndi kotsekera imabenthuka msanga. Pakani mafuta a mfuti pa dzimbiripo, agonepo usiku, kenako pukutani mopepuka ndi ubweya wa mkuwa kapena steel wool yosalala kwambiri ya 0000, mafuta ali pomwepo. Sandipepa ayi, burashi ya waya ya pa makina ayi, viniga ndi mankhwala ochotsa dzimbiri ayinso, chifukwa kuda kwa mfuti nakonso ndi mtundu wa dzimbiri, ndipo mankhwalawo amachotsa zonse pamodzi. Timaenje tomwe dzimbiri lakumba titsala, tisiyeni. M'kati mwa mpope mukaona mwakuda ndi mokumbika, ndi zotsatira za zipolopolo zakale zomwe zinkasiya mchere. Bola mizere yozungulira ya m'katimo ikuoneka, mipope yotere imalasabe bwino. Mukamaliza pakani phula losungira zitsulo mopyapyala, ndipo musaisunge m'chikwama chake chachikopa, poti chikopa chimasunga chinyezi.

Ngati byf ija ikukusowetsani mtendere, mukhoza kupeza toggle ya DWM kapena ya Erfurt ya nthawi yomweyo, mmisiri n'kuikwaniritsa, malinga muisiye ndi nambala yake ndipo mudzamuuze wogula. Ine ndikanaisiya ya Mauser, ngati yayezedwa n'kupezeka bwino.

Magazini isakudetseni nkhawa. Ngakhale pa ma Luger a manambala ofanana, magazini yofanana imasowa, chifukwa asilikali ankasinthana. Ya 1917 inali ndi tako la mtengo, za m'zaka za m'ma 1930 la aluminiyamu, za kumapeto la pulasitiki yakuda. Yakaleyo isungeni, powombera gulani yatsopano ya Mec-Gar, chifukwa nthawi zambiri Luger ikamakakamira gwero lake limakhala magazini yotopa. Zipolopolo zikhale 9 mm wamba za mutu wozungulira. Zolembedwa +P ndi za mphamvu yoposa yomwe zitsulo za 1917 zinapangidwira, musaziikemo.