Kodi wolamulira masewera a mahatchi ayenera kukhala mwana wa mfumu?

FUNSO: Akulu, ndakhala zaka 15 ndikusamala mahatchi pa khola lina ku Borrowdale, mumzinda wa Harare. Mnzanga amene timakwera naye kombi akuti bungwe loyang'anira masewera a mahatchi padziko lonse limatsogoleredwa ndi ana a mafumu okhaokha, ndipo ndi lomwe limayendetsa mijaha ya pa Borrowdale Park. Tabetcherana Chibuku. Ndikufunsanso chifukwa mwana wanga wamkazi ali Fomu 4, mtima wake uli pa mahatchi, koma ine hatchi sindingagule ngakhale mchira wake. — Bambo a Chisomo, Mabvuku

YANKHO: Achimwene, mnzanuyo akadabetcha chisanafike chaka cha 2014, mukadagula ndinu. Bungwelo ndi FEI, linakhazikitsidwa mu 1921 ndipo likulu lake lili ku Lausanne, m'dziko la Switzerland. Kwa zaka 60 mpando wake unkangozungulira m'nyumba zachifumu: Prince Bernhard wa ku Netherlands kuyambira 1954, Prince Philip wa ku Britain kuyambira 1964, mwana wake Princess Anne mu 1986, Infanta Pilar wa ku Spain mu 1994, kenako Princess Haya wa ku Jordan mu 2006. Sikuti onse ankangokongoletsa mpandowo ayi. Anne anakwera hatchi pa Olimpiki ya ku Montreal mu 1976, Haya pa ya ku Sydney mu 2000. Fumbi la m'bwalo ankalidziwa.

Amene anadula mzerewo ndi Ingmar De Vos wa ku Belgium, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna Chisomo amve. Bamboyu sanatchuke ndi mendulo. Anaphunzira za ndale ndi kayendetsedwe ka ntchito ku Brussels, ndipo mu 1990 analowa ntchito ya muofesi ku bungwe la masewera a mahatchi la dziko lake. Anakhala pamenepo zaka zoposa 20, achimwene, akulimbana ndi makalata, malamulo, ndalama, ndi maulendo a timu ya Belgium ku mipikisano ikuluikulu. Mu 2010 anathandiza kukhazikitsa bungwe la mayiko a ku Ulaya n'kukhala mlembi wake wamkulu. Mu 2011 FEI inamutenga kukhala mlembi wamkulu, pansi pa Haya. Haya atamaliza nthawi yake, mayiko anasonkhana ku Baku mu Disembala 2014 n'kusankha kalaliki uja. Anamusankhanso mu 2018, ndiponso mu 2022 ku Cape Town, pafupi pompa. Kuyambira 2017 ndi membala wa IOC, komiti ya Olimpiki imene lero ikutsogoleredwa ndi Kirsty Coventry wathu wa kuno ku Harare.

Za Borrowdale Park mnzanuyo waphonya kotheratu. FEI imaona zodumpha mipanda, dressage (kuonetsa luso loyendetsa hatchi mwadongosolo), eventing (mpikisano wophatikiza dressage, kudumpha mipanda ndi kuthamanga m'tchire), mipikisano ya mitunda italiitali ndi yokoka ngolo. Mijaha yobetcha ngati Castle Tankard imayendetsedwa ndi Mashonaland Turf Club, nyumba ina ndithu.

Tsono za mwanayo. Sindikunamizani, kukwera pa mpikisano kumadya ndalama. Komanso hatchi ya kuno siituluka wamba kupita ku Ulaya chifukwa cha nthenda ya African horse sickness, imene imabweretsa miyezi ya kwarantini. Camilla Kruger, amene anaimira Zimbabwe ku Rio mu 2016, ankakonzekera ali ku England. Koma inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti pa tsiku la mpikisano okwera amachepa poyerekeza ndi ogwira ntchito. Pali wolembera jaji malikisi, wogwira wotchi, woimika mipanda, woyang'anira bwalo lokonzekera, wosula nsapato za hatchi, dokotala wa ziweto. Ambiri a iwo alibe hatchi, ndipo bungwe lililonse limavutika kupeza munthu wolemba bwino amene amadziwanso kuti hatchi ikutsimphina mwendo uti. Mwana wokulira pa khola ali nacho kale chachiwiricho.

Mpikisano ukadzachitika pafupi, mupite naye Loweruka, mukapemphe kwa mlembi wa tsikulo kuti akhale pambali pa jaji ndi pensulo. Chingerezi ndi Biology asazitaye pa mayeso a chaka chino. Chibuku chija agule mnzanuyo, koma mum'siyireko chapansi chifukwa cha zaka 60 zija.