Mano a mwana wanga atulukira kutsogolo: ndimuikitse mawaya?

Mayi wina watilembera imelo. Mwana wake wa zaka 9 amayamwabe chala chachikulu, mano akumwamba atulukira kutsogolo, ndipo akaluma, akumwamba ndi akumunsi sakumana. Akufunsa ngati zidzakonzeka zokha kapena amuikitse mawaya.

Mayi, mano akumwamba amayenera kupitirira akumunsi ndi mamilimita 2 kapena 3 basi. Akapitirira kwambiri milomo imalephera kuwaphimba, ndipo mwana akagwa chafufumimba ndi amenewa amayamba kuthyoka. Pa nkhani yanuyi chala ndicho gwero: chimakankhira mano akumwamba kunja, akumunsi n'kuwapanikizira mkati, pomwe masaya akamakoka poyamwa amafinya nsagwada yakumwamba mpaka kuchepa. Kenako lilime limazolowera kulowa mumpatamo pomeza, mpatawo osatsekekanso.

Ndiye yambani ndi chala, mawaya abwere pambuyo. Kuwongola mano chala chikadalowabe m'kamwa n'kutaya ndalama, adzabwerera pomwepo. Mwana akasiya pa msinkhu uwu, mpata uja kawirikawiri umachepa wokha pakapita miyezi. Kumukalipira sikuthandiza. Mumateni pulasitala pa chalacho, usiku mumuveke sokosi kudzanja, ndipo mumuyamikire tsiku limene wapirira. Zikakanika, dokotala wa mano amaika kachitsulo kumwamba kwa m'kamwa kotchinga chala.

Komabe pitani naye kwa dokotala wa mano panopa, musadikire. Akatswiri owongola mano amalangiza kuti mwana aonedwe akafika zaka 7. Dokotala ayenera kudziwa ngati vuto lili pa mano okha kapena pa fupa. Ngati nsagwada yakumunsi yatsalira m'mbuyo, pali chipangizo chovala ndi kuvula chotchedwa twin block, chimene chimaikankhira kutsogolo, ndipo chimagwira bwino mwana akamakula mofulumira, cha m'ma zaka 11 mpaka 14. Nthawi imeneyi ikadutsa, chotsala chimakhala kuzula mano ena kapena opaleshoni pa vuto lalikulu.

Mawaya enieni amaikidwa mano aukulu ambiri atamera, cha m'ma zaka 12. Amakhala miyezi 18 mpaka 24, ndipo amakungidwa pa masabata 4 mpaka 8 alionse. Amachedwa chonchi chifukwa fupa limasungunuka mbali imene dzino likupita n'kumangikanso kumbuyo kwake, mwina milimita imodzi pa mwezi. Kukunga mopitirira kumafupikitsa mizu ya mano. N'chifukwa chake musalole aliyense kumumanga mano ndi timalabala kunyumba: kalabala kamalowerera pansi pa nkhama, dzino n'kugwedera mpaka kuguluka.

Mawaya akaikidwa, mswachi uzifika mozungulira kachitsulo kalikonse komatidwa pa dzino kawiri pa tsiku ndi mankhwala otsukira mano okhala ndi fluoride, apo ayi pamatsala mawanga oyera osachoka. Akachotsedwa, mwana azivala retainer, chipangizo chogwira mano kuti asasunthe, usiku kwa zaka zambiri, chifukwa minofu ya m'nkhama imakokerabe mano kumene anachokera, makamaka chaka choyamba.