Funsani Anti: "Akuti zanga si ndakatulo, ndi phokoso"

Anti, ndine mtsikana wa zaka 19, kwathu ndi ku Katete koma ndimakhala ndi amalume ku Matero kuno ku Lusaka. Ndimalakatula m'Chinyanja chathu cha m'tauni chomwechi pa biti ya rege imene mnzanga amandiikira pa foni, ndimakamba za kuzima kwa malaiti, za madzi, za azimayi a pa msika wa Soweto amene amadzuka 4 koloko kukaoda tomato. Aphunzitsi ena ku koleji atandimva anati izo si ndakatulo ndi phokoso chabe, amalume nawo akuti ndisankhe chimodzi, uphunzitsi kapena "zachirasta". Ndisiye kodi?
Mtsikana wa ku Matero

Mwana wanga, usasiye ayi. Zimene ukuchitazo zili ndi dzina lake, amati dub poetry, ndipo mawu amene aphunzitsiwo akuuza anauzidwaponso mayi wina amene lero ndi pulofesa.

Mayiwa ndi a Lillian Allen, anabadwa mu 1951 ku Spanish Town m'dziko la Jamaica, anachokako mu 1969 ali mtsikana ngati iweyo n'kudzakhazikika ku Toronto, ku Canada. Buku lawo loyamba anadzisindikizira okha mu 1982 n'kumaligulitsa okha. M'zaka za m'ma 1980 zomwezo iwo ndi anzawo awiri, Clifton Joseph ndi Devon Haughton, anapempha kulowa m'bungwe la alakatuli la League of Canadian Poets, bungwelo linawakana ati inu ndi anthu a pasiteji chabe osati alakatuli. Wamva? Ndendende zako zija. Koma mu 1986 chimbale chawo cha Revolutionary Tea Party chinapata mphoto ya Juno, yomwe ndi mphoto yaikulu ya oimba ku Canada, chotsatira chake cha Conditions Critical nachonso chinapata, ndiye mu 2023 mzinda wa Toronto unawasankha kukhala mlakatuli wa mzinda wonse. Chimene chimandikhudza ine n'chakuti sanasinthe kamwa kuti alandiridwe, analakatula m'chiyankhulo cha m'misewu ya ku Jamaica chimene ena amachinyoza kuti n'Chingerezi chothyoka, nkhani zake za azimayi osamukira kunja ogwira ntchito m'nyumba za ena, za kubereka, za tsankho.

Dub yeniyeniyo inayambira m'masitudiyo a ku Kingston, akatswiri ngati King Tubby ankatenga nyimbo ya rege n'kuchotsamo mawu a woimba, kutsala besi ndi ng'oma basi, uku akuthiramo eko. Alakatuli monga Oku Onuora, Mutabaruka ndi Linton Kwesi Johnson wa ku London anaika ndakatulo zawo pampata wotsalawo. Koma apa mvetsetsa, chifukwa ndi pamene achinyamata ambiri amaphonya: ndakatulo ya dub imalembedwa mosamala, ndipo biti imakhala m'kati mwa mawu momwemo, olo bandi itakhala chete womvera azigwedezabe mutu. Iwe wa ku Katete izi si zachilendo kwa iwe. Kumbuka agogo ali pamtondo, musi ukuti gu, gu, iwo akuimba zodandaula za apongozi kapena za mwamuna wothera ndalama ku mowa, mudzi wonse ukumva koma palibe angawaimbe mlandu. Musi uja ndiye besi.

Ndiye yesa izi. Zimitsa foni ya mnzakoyo, imirira pakhonde ulakatule ija ya azimayi a pa Soweto pakamwa pokha. Pamene lilime lipunthwe kapena mpweya ukuthere pakati pa mzere, pamenepo ndi pofunika kukonza, tenga bolopeni ukonze. Mwinanso aphunzitsi aja anamva biti yokha mawu osawamva, zimachitika sipika ikakhala pamwamba, choncho uwapatse zolemba pa pepala awerenge okha.

Za amalume, usakangane nawo, nkhawa yawo ndi ya mimba yako ya mawa ndipo akunena zoona kuti ndakatulo zokha kuno ku Lusaka kulipira lendi n'kovuta. Koma zoti usankhe chimodzi ndiye ndikukana. A Allen kuyambira m'ma 1990 akhala akuphunzitsa kalembedwe pa yunivesite ya OCAD ku Toronto uku akukwerabe pasiteji, choko kumanja maikolofoni kumanzere. Koleji umalize ndithu, satifiketi ibwere m'nyumba. Ukadzapita ku teaching practice udzaone ana a giredi 6 mmene amagwirira phunziro likabwera ndi kayimbidwe, ndi luso limene aphunzitsi anzako ambiri adzakusirira.

Tsiku lina amalume ali phee atadya nsima, uwapemphe mwaulemu kuti "amalume, ndimvereniko kamodzi chabe", usankhe yokamba za kumudzi osati ya ndale. Ija ya pa Soweto unditumizire kuno ku magazini, ndikufuna ndiimve ndekha.
Anti