Kodi mafoni amadziwana bwanji popanda nsanja ya netiweki?

FUNSO: Ndimadabwa kuti mafoni awiri amatha kutumizirana zithunzi pamalo pamene palibe nsanja ya netiweki kapena rauta. Kodi foni imadziwa bwanji kuti pafupi pali inzake?

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Zipangizo zikalumikizana zokhazokha popanda chozitsogolera, zimapanga netiweki yotchedwa ad hoc, ndipo chilichonse chimayamba ndi kufufuza zinzake zimene chayandikana nazo. Chimatero pomwaza mobwerezabwereza kauthenga kakafupi konena nambala yake yochizindikiritsa pa netiweki, kwinaku chikumvetsera ngati pali china chimene chikudzitchula.

Mu OLSR, imodzi mwa ndondomeko zoyendetsera manetiweki otere, imene inasindikizidwa mu 2003, kauthengaka kamatchedwa HELLO ndipo kamatumizidwa masekondi 2 alionse, katanyamula mndandanda wa zipangizo zonse zimene chotumizacho chamva. Chipangizo chikapeza nambala yake pamndandanda wa chinzake, m'pamene chimatsimikiza kuti zikumvana mbali zonse ziwiri, pakuti wailesi (kachigawo ka m'chipangizo kotumiza ndi kulandira mauthenga) yamphamvu imatha kumveka patali koma iyoyo osamva yankho la yofooka. Chimene chakhala chete masekondi 6 chimatengedwa kuti chachoka.

M'kuona kwanga, povuta kwenikweni ndi pa nthawi yokumana. Wailesi ikakhala yoyaka nthawi zonse batire limatha msanga, choncho zipangizo zing'onozing'ono zimagona n'kumadzuka mwa apo ndi apo, ndipo ngati china chilankhula chinzake chili mtulo, zingathe kukhala patebulo limodzi osadziwana. Mu 2008, akatswiri a zamakompyuta Prabal Dutta ndi David Culler anafotokoza njira yotchedwa Disco, imene imadalira manambala osagawika ndi ena kupatula 1 ndi iwo eni. Tiyerekeze kuti nthawi yadulidwa m'timagawo tofanana, china n'kumadzuka kamodzi pa timagawo 5 tilitonse, chinzake kamodzi pa 7. Ngakhale ziyambe nthawi zosiyana, sipangadutse timagawo 35 zisanadzukire pamodzi, chonsecho sizinapangane.

Nayo Bluetooth Low Energy, mtundu wa Bluetooth wosadya batire kwambiri umene uli m'mafoni, ili ndi matchanelo 40, koma podzilengeza imagwiritsa ntchito matchanelo a nambala 37, 38 ndi 39, n'kumachedwetsa dala uthenga uliwonse ndi kanthawi kosinthasintha kosaposa mamilisekondi 10 (gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi), kuti zipangizo ziwiri zisamangowombana mawu. Foni yofufuza imamvetsera tchanelo chimodzi pa nthawi imodzi, n'chifukwa chake dzina la chipangizo chimene chili pambali panu nthawi zina limachedwa kuoneka pasikirini.